Sabata ya mawu oyamba ndi under ku Fomu 4

Ndimaphunzitsa Chingerezi pa sekondale ina yoyendera kuno ku Mulanje. Ana ambiri m'kalasi mwanga makolo awo amatchola tiyi m'maesiteti, ena amalima timinda tawo ta tiyi ndi zinanazi. Sabata yathayi a Fomu 4 tinali pa mawu oyamba ndi under. Ndinkayesa tithana nawo msanga, koma anatidyera sabata yathunthu, ndipo sindikudandaula. Mwana akalephera Chingerezi, satifiketi ya MSCE palibe, ngakhale masamu atakhoza chotani.

Lolemba ndinalemba pabolodi mawu asanu: underestimate, underrate, undervalue, underpay ndi underappreciate. Nditafunsa tanthauzo lake, kalasi yonse inayankhira pamodzi kuti, "Kuderera, Madamu!" Sanaphonye kwenikweni. Koma ndinawakumbutsa kuti ifenso kuderera, kupeputsa, kubera munthu pamtengo ndi kusayamika si chinthu chimodzi.

Underestimate anawagwira mosavuta. Uku ndi kuchepetsa chinthu m'maganizo usanakumane nacho, kaya ndi mtunda, ndalama zofunika pa ntchito, kapena mphamvu za mnzako, ndipo kawirikawiri wopwetekeka ndi iwe wochepetsawe. Mnyamata wina amene pa holide amanyamula katundu wa alendo okwera phiri la Mulanje ku Likhubula ndiye anatipatsa chitsanzo. Anati alendo ena amaliyang'ana phiri ali pansi, amva kuti Sapitwa ndi mamita 3,002, nkumati tikwera ndi kutsika lero lomwe, juzi osatenga. Chiperoni chikawakuta kumtundako amayamba kupempha bulangete. Ndinamuuza alembe yekha pabolodi, ndipo analemba kuti they underestimate the mountain. Ine ndinawonjezapo nkhani ya Flames, imene inathibula Algeria zigoli 3 kwa 0 ku Angola mu 2010, chaka chomwe Algeria inkapita ku World Cup. Anyamata sanafunenso kulongosoleredwa.

Lachiwiri tinali pa underrate, mawu onena za mmene anthu amaonera luso kapena ubwino wa chinthu. Nthawi zambiri amamveka ngati underrated: wosewera mpira amene amagwira ntchito yaikulu pakati koma dzina lake silimveka pawailesi. Nthawi yambiri inapita pa kalembedwe. Mawuwa ali ndi r ziwiri, ina ya under, ina ya rate, koma ana amalemba imodzi, ndipo ena amaikapo l monga timachitira polankhula.

Lachitatu mtsikana wina anakweza dzanja nkufunsa ngati undervalue ndi zimene zinachitikira kwacha mu Novembala 2023, pamene inagwa ndi 44 peresenti. Funsoli linandisangalatsa kwambiri, chifukwa ngakhale akuluakulu amasokoneza. Zimene Reserve Bank inachita zija ndi devalue, kutsitsa dala mphamvu ya ndalama. Undervalue ndi pamene chinthu chili ndi mtengo wake weniweni koma wina wachiikira wotsika. Chinanazi chomwe venda wagula pamunda mokakamiza, podziwa kuti mlimi alibe posungira ndipo mawa chiyamba kuwola, sichinachepe kukoma. Chikafika ku Limbe mtengo wake umaoneka. Apa ana analankhula mpaka belu kulira, aliyense ndi nkhani ya kwawo.

Tsiku limene likundikhalabe m'mutu ndi Lachinayi. Ndinawapatsa ntchito yolemba kalata yodandaula, monga zimabwerera pa mayeso a MANEB. Pochonga makope ndinapeza mtsikana wina, wofatsa, wokhala kumbuyo, atalembera bwana wa esiteti za mayi ake kuti my mother is underrated. Ndinamuitana pa buleki.

"Kodi akapitawo amati mayi ako sadziwa kutchola?"

"Ayi Madamu, amawatama. Amati m'dengu mwawo mumakhala masamba awiri ndi kansonga basi, mulibe zokhwima."

"Nanga chikuwawa n'chiyani?"

Anayang'ana pansi. Anati mayi ake amachoka kukadali mdima, pepala la pulasitiki atamanga m'chiuno kuopa mame, dengu kumsana, ndipo akabwerako kusikelo zala zimakhala zitachita zikang'a. Koma ya fizi imavuta teremu iliyonse.

Ndinamuuza kuti mawu amene akufuna ndi underpaid. Kusiyana kwake si kwa mayeso okha. Ukalembera bwana kuti mayi ako ndi underrated, akhoza kukuyankha mwaulemu kuti timawadziwa ndipo timawanyadira, nkhani nkuthera pomwepo. Ukalemba kuti ndi underpaid, wanena za ndalama, ndipo kalatayo iyenera kunyamula manambala: makilogalamu angati pa tsiku, kilogalamu imodzi ndalama zingati, pepala la malipiro likuti chiyani. Woyankhayo nayenso amayenera kuyankha ndi manambala. Ana awa mawa ndi amene adzalembere makolo awo makalata opita kumaofesi, ena adzakhala alembi a magulu a alimi a tiyi, ndipo maofesiwo amawerenga Chingerezi. N'chifukwa chake sindilola kuti mawu asanuwa akhale kuderera kokha.

Mtsikanayo anakalembanso. Kalata yachiwiri inali yaifupi, ndipo anasiya mipata ya manambala kuti akafunse kunyumba.

Underappreciate tinangowadutsa Lachisanu, chifukwa kusayamikidwa aliyense amakudziwa, ndipo m'chipinda cha aphunzitsi anzanga anati mawu amenewo ndi athu. Kenako ndinapereka kamayeso kodzaza mawu m'mipata. Underestimate ndi underpay pafupifupi onse anakhoza. Underrate ndi undervalue akusakanizabe, ndipo ena ndinawapatsa malikisi chifukwa ponena za munthu dikishonale imalola onse awiri. Lolemba tiyambira pomwepo tisanalowe mawu oyamba ndi over.