Lero ndaona platinamu ikutsamwa

Lachitatu. Tikuyesa selo yotulutsa magetsi kuchokera ku mankhwala otchedwa methanol. Ndalawirira ku labotale chifukwa inki ya catalyst (chitsulo chofulumizitsa kusweka kwa methanol) yomwe ndinasakaniza dzulo inali itadikha pansi pa kabotolo. Ndaigwedezanso m'makina kwa theka la ola, ndadontheza kadontho kamodzi pa electrode (kachipangizo komwe magetsi amadutsira), n'kukhala pansi kudikira kuti kaume. Ukafulumiza kamauma ngati mphete, pakati popanda kanthu, ndipo zonse zomwe uyeze pambuyo pake zimakhala zabodza.

Ndayamba ndi platinamu yokhayokha, timibulu ta nanomita zochepa tomwazika pa carbon, m'madzi a sulfuric acid osakaniza ndi methanol. Magetsi anayamba mwamphamvu mpaka mtima wanga unadumpha. Posakhalitsa mzere wa pa kompyuta unayamba kugwa, kugwa, osabwereranso. Methanol ikamasweka pa platinamu imasiya carbon monoxide (CO), ndipo iyeyu amakakamira zolimba pamalo pomwe methanol ina ikanatera. Chitsulo chodula chonchi, chikutsamwa ndi chakudya chake chomwe! Zandikhudza kwambiri.

Masana ndayesa platinamu yosakaniza ndi chitsulo china chotchedwa ruthenium, atomu imodzi kwa imodzi. Mzere unatsikabe, koma pang'onopang'ono, kenako unakhazikika. Asayansi a ku Japan, Watanabe ndi Motoo, anafotokoza zimenezi mu 1975: ruthenium imaswa madzi pa voteji yotsika kuposa momwe platinamu ingathere, ndipo OH (kachidutswa ka madzi oswekawo) wotulukapo amakathandiza CO wokakamira uja kusanduka carbon dioxide. Malo amatseguka. Molekyu imodzi ya methanol ili ndi ma electron 6 oti ipereke, ndipo popanda mnzake ameneyu platinamu imavutika kuwatulutsa onse.

Anzanga a pa benchi ina akulimbana ndi cathode, mbali ina ya selo komwe oxygen amalandira ma electron. Methanol imadutsa mu Nafion, kapulasitiki kopyapyala kolekanitsa mbali ziwirizi, n'kukapsa pa platinamu ya kumeneko, voteji n'kugwa. Pa pepala selo imayenera kupereka 1.21 V, koma ikamagwira ntchito imangofika cha pa theka lake kapena kucheperapo. M'malo mwa platinamu, iwo akuyesa chitsulo wamba (iron), nitrogen ndi carbon, zomwe methanol siziisamala konse. "Inu ndi ruthenium wanuyo, muone ngati sasungunuka," anandiuza potuluka.

Akunena zoona. Ruthenium imasungunuka pang'onopang'ono, ina n'kuwolokera ku cathode komweko. Ndasiya electrode m'madzi oyera, mawa ndiikwezera ndi kuitsitsira voteji kambirimbiri ndione kuti ruthenium itsala yochuluka bwanji.