Kagalimoto ka gofu kayamba ntchito kumunda, koma mabatire andionetsa zakuda

Kwa inu amene mwakhala mukufunsa za kagalimoto ka gofu kaja kamene tinkakonza kuti kazigwira ntchito kumunda kwa apongozi anga, katheka. Kakunyamula matumba a chakudya cha ng'ombe mpaka kumapeto kwa munda, kakukwera chikweza cha damu popanda kulira, ndipo apongozi asiya kundiyang'ana cham'mbali. Ndilembe msanga mkwiyo usanazizire, chifukwa ukazizira ndiyamba kunena kuti zinali zophweka.

Apongozi anga ali ndi munda wa mitengo ya pecan kum'mwera kwa Georgia ku America, chakufupi ndi Albany, ng'ombe zowerengeka, ndi nkhalango ya paini kuseri kumene amasakako agwape ikatsegulidwa nyengo ya mfuti mu Okutobala. Mawondo awo anatha. Kulizira thirakitala kukaona mpanda basi n'kuwononga dizilo, ndipo galimoto yaikulu imakumba mizere m'munda mvula ikagwa. Ndiye anandipatsa ine ntchito yofuna kagalimoto kakale, kotsika mtengo, koti tikakonze tokha.

Mitundu imene mudzakumane nayo kwambiri ndi itatu, Club Car, E-Z-GO ndi Yamaha, ndipo yonse ili ndi mafakitale mu Georgia momwemuno, iwiri ku dera la Augusta, Yamaha ku Newnan. Zipangizo zake sizisowa. Ine ndinatsamira ku Club Car pa chifukwa chimodzi: felemu yake ndi ya aluminiyamu. Enawo ndi achitsulo, ndipo asidi wa mabatire akamadontha zaka ndi zaka, chitsulo cha pansi pa mpando chimadyeka ndi dzimbiri. Anthu ambiri amakonda TXT ya E-Z-GO poti ndi yosavuta kukonza, sindikutsutsa, koma gwadani pansi ndi tochi muone kaye m'mimba mwake.

Petulo kapena magetsi? Apongozi ankafuna ka petulo. "Mwana wanga, petulo akatha umathira wina, magetsi akatha umayenda wapansi." Sananame. Koma gwape amamva injini ali kutali, pamene ka magetsi kamangoti phee, chimene umamva ndi masamba okha akuphwanyika pansi pa matayala. Mundawo si waukulu moti tchaji n'kuthera panjira. Tinagwirizana za magetsi, ma volt 48. A 36 asiyeni, ndi a pa kapinga wometa bwino, mukawaika matayala aakulu ndi katundu kumbuyo amafooka.

Tsopano mabatire. Mukawerenga china chilichonse n'kuiwala, ichi chokha musaiwale: onani deti la pa mabatire musanatulutse ndalama.

Munthu amene anatigulitsa ndinamupeza pa Facebook. Bambo waulemu, pakhomo posesa bwino, kagalimoto kotsukidwa mpaka matayala akunyezimira. Titakweza mpando, mabatire asanu ndi limodzi a ma volt 8 ali mbee, mitu yake yopoperedwa mankhwala ofiira oletsa dzimbiri. Akuti anawagula "chaka chatha chomwechi". Tchaja anachotsa ife tikuona, n'kutiuza kuti tiyendetse pa msewu wa tala wa kutsogolo kwa nyumba yake, wosalala, wopanda chitunda. Kanathamanga bwinobwino. Chikomekome cha mkuyu. Titafika nako kumunda, tsiku loyamba lomwe, kanakwera theka la chikweza cha damu n'kuyamba kubwerera chambuyo, apongozi ali m'kati. Nditapala utoto wofiira uja ndi mpeni, deti linatuluka: mabatire a zaka zisanu ndi chimodzi. Foni ya bambo uja kuyambira pamenepo imangoitana.

Makampani a mabatire ngati Trojan amadinda chilembo ndi nambala pa mutu wa negative. Chilembo ndi mwezi, A ndi Januwale mpaka L Disembala, nambalayo ndi yomalizira ya chaka. Palani, werengani. Tengani kamita koyezera magetsi. Mabatire a 48 akadzaza amaonetsa pafupifupi 51, koma nambala imeneyo ngakhale batire lakufa limaionetsa likangochoka kumene pa tchaja. Yezani mutayenda mphindi makumi awiri, yezani lililonse palokha, ndipo funani chitunda. Mwini wake akamakana kuti mupite nako kutali, mtengo wake chotsanipo madola 1,000 a mabatire atsopano, apo ayi kwerani galimoto muzipita.

Ndabwerera m'mbuyo pang'ono. Chaka chimene kagalimoto kanapangidwa musamve za pakamwa. Pa Club Car nambala ili pa kapepala pansi pa dashibodi, mbali ya wokwera. Pambuyo pa zilembo zoyamba, manambala awiri ndi chaka, awiri otsatira ndi sabata. Muidziwe musanaode chilichonse, chifukwa zitsulo za Club Car yakale yotchedwa DS sizilowa pa inzake ya Precedent, imene inayamba kutuluka mu 2004. Kathu ndi Precedent ya 2011.

Koma chimene chinandipsetsa mtima kuposa bambo uja ndi sitolo ya mabatire. Ndinaimba foni, anandiuza mtengo, ndinafunsa ngati pali china chowonjezera, akuti msonkho basi. Loweruka m'mawa ndinayenda ulendo woposa ola lathunthu. Kufika pa kauntala, mnyamata akugogoda kompyuta, n'kundifunsa kuti akalewo ali kuti. Akale ati? Akuti ngati simunabweretse mabatire akale, pali core charge pa batire lililonse, ndalama ya chikole imene amabweza mukabwera ndi akufawo. Kuchulukitsa kasanu ndi kamodzi inakwana ndalama yogulira tayala ndi limu lake. Ndinamufunsa chifukwa chimene sananenere pa foni, iye n'kukweza mapewa kuti aliyense amadziwa. Aliyense ndani?

Ndinakana kulipira, ndinabwerera kumunda kukawatenga. Batire limodzi la ma volt 8 limalemera makilogalamu pafupifupi 29, ndipo limakhala m'dzenje pansi pa mpando mopanda pogwira. Sikisi onsewo ndinazula ndekha dzuwa lili paliwombo, asidi anadontha pa jinzi yanga n'kuiboola ngati yadyedwa ndi njenjete. Kubwereranso ku sitolo ija, chitseko chotseka. Loweruka amaweruka 12 koloko. Izinso pa foni sanandiuze. Tsiku lonse linathera pa msewu, mafuta apita, mabatire akufa ali kumbuyo kwa galimoto mpaka Lolemba, ndipo Lolembalo ndinachita kupempha kuntchito. Mukamapita kukagula, akalewo akhale m'galimoto kale, ndipo jambulani mmene mawaya alili musanamasule.

Ena andiuza kuti bwanji osangoika a lithium. Ndi opepuka, sathiridwa madzi, amakhalitsa, zoona. Thumba linakana. Athuwa timathira madzi a distilled mwezi ndi mwezi, titatha kutchaja, osati a pa mpopi.

Zokonzazo zinayenda msanga. Tinaika lift kit ya mainchesi 6, zitsulo zokwezera kagalimoto m'mwamba, ndi matayala a mainchesi 22 a zigoba zazikulu, kuti mimba isamagunde zitsa. Tayala lalikulu limadya mphamvu yokwerera, ndiye tinasintha controller (kabokosi kolamulira mphamvu yopita ku mota) kuika ya ma amp 400, solenoid (siwichi yaikulu ya magetsi) yolimba, ndi mawaya onenepa a 4 gauge. Mpando wa kumbuyo ndi uja wopinda n'kukhala thebulo la katundu. Magetsi ounikira musawalumikize ku batire limodzi kapena awiri, mumapha amenewo msanga n'kukokera ena onse kumanda. Gulani kachipangizo kotsitsa 48 kufika pa 12. Ndipo kumbukirani kuti mabuleki ali ku matayala a kumbuyo okha, kagalimoto kakakwezedwa sikachedwa kupendama. Apongozi ndawauza kuti chikweza cha damu azikwera molunjika, osati chopingasa. Ngati akumva, kaya.

Utoto wa masamba uja wa asilikali ndinaukana, ndi ndalama yotaya, popeza mlenje yemweyo lamulo la Georgia limamuuza kuvala chovala cha olenji kapena pinki chowala chosachepera masikweya inchi 500 pa nyengo ya mfuti. Tinapaka wobiriwira wamba. Choikamo mfuti tinamanga kutsogolo, mfuti imakwera yopanda zipolopolo, ndipo kuwombera kagalimoto kakuyenda n'koletsedwa. Umakasiya patali, kotsalako wapansi.

Chatsala ndi denga lalitali lofika kumbuyo ndi winchi yokokera nguluwe, poti zikukumba pansi pa mitengo ya pecan usiku uliwonse. Wina akadziwa kumene kuli winchi yogwiritsidwapo kale ntchito ya mtengo wabwino, andiuze. Ndipo mukapita kukaona kanu, mpeni wopalira deti lija ukhale m'thumba.