Zaka 5 tikugaya chiponde, ndi mmene kaloba anatsala pang'ono kutitseketsa

Mwezi uno takwanitsa zaka 5 chiyambireni kugaya chiponde kuno ku Chipata ndiye ndati ndilembeko pang'ono, poti ambiri mumangoona mabotolo ali ndandanda pa shelefu simudziwa kuti chaka cha 2024 ndinatsala pang'ono kugulitsa chigayo ndi kubwerera kumudzi kukalima.

Tinayamba 2020 nthawi ya korona, ine ndi amuna anga, kukhitchini kwathu ku Kapata, nshawa zokazinga pa mbaula, mabotolo 24 a mayonezi otsukatsuka, basi. Zinagwira msanga chifukwa nshawa za kuno kummawa aliyense amazidziwa, nshawa ya mtundu wa Chalimbana siyifuna kuyitsatsa. Pofika 2023 tinali ndi kashopu, mnyamata mmodzi wantchito, tinalembetsanso ku PACRA, ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, ine nkumayenda ngati bwana.

Kenako mvula inakana. Mukukumbuka pa 29 February 2024 a President Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse, madzi ku damu la magetsi la Kariba anatsika, malaiti kumabwera pakati pausiku kwa maola ochepa nkuthawanso. Nshawa zinakwera mtengo, ndiye mantha anandigwira kuti zitha pamsika, ndinathamanga kukatenga kaloba (anzathu a ku Mchinji amati katapila) ya K10,000 kwa bambo wina, 30 peresenti pamwezi. M'mutu mwanga ndinkati ndi K3,000 chabe yapamwamba, ndibweza. Nshawa ndinagula koma chigayo chopanda malaiti chimagaya chani? Mwezi woyamba ngongole inafika K13,000 ndinalephera, wachiwiri iye anawerengera 30 peresenti pa K13,000 ija osati pa K10,000, inakhala K16,900, wachitatu K21,970. Miyezi 3 yokha ndalama yapitirira kawiri. Bambo inu amene munabwera ndi anyamata awiri kudzayeza firiji yanga ndi maso ana akudya nsima, mukudzidziwa, ndinakulipirani yonse mpaka ngwee yomaliza ndipo moni timapatsanabe, koma pakhomo panu sindidzapondanso. Ndi inunso a vendala amene munandigulitsa matumba a nshawa zonyowetsedwa dala kuti zilemere pa sikelo, matumba 2 pa 10 ndinataya atachita chuku, Mulungu akuoneni.

Amene anandipulumutsa ndi mwana wanga woyamba amene akuphunzira za ma akaunti ku Lusaka. Anabwera pa holide nkundipeza ndikulira kuseri kwa shopu, sananene zambiri, anangoti "amama, bweretsani kabuku kanu kangongole kaja ndi foni yanu, tiwerenge." Kabuku kenikeniko ndi ka exercise kamafuta okhaokha, masamba ena omatana ndi chiponde kkkk, tinakhala pa mphasa ndi kandulo mpaka cha m'ma 23.

Anayamba kundifunsa kuti botolo limodzi limandidyera zingati. Ine ndinkangodziwa kuti ndimagulitsa K35. Titawerenga nshawa, botolo, pepala lomata, mchere ndi makala zinakwana K23, ndiye kuti pa botolo pamatsala K12. Koma lendi K1,500, malipiro a mnyamata K1,300, malaiti ndi tina ndi tina K800, zonse K3,600 pamwezi, izi zimatuluka kaya ndagulitsa kaya sindinagulitse. Anati gawani 3,600 ndi 12. Inabwera 300. Kutanthauza kuti mabotolo 300 oyamba mwezi uliwonse ndimangogwirira alandilodi ndi anzawo, phindu langa limayambira pa botolo la 301. Miyezi ya malaiti ija ndinkagaya mwina 180, ine nkumadabwa kuti ndalama zikulowa tsiku lililonse koma nanga zikupita kuti.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndi za ngongole za makasitomala, apa ndiye ndinakangana naye. Ine ndimati munthu ukamudziwa nkhope umamupatsa, ndi mmene tinakulira. Iye anati tisakambe za nkhope tiwerenge maina. M'kabuku munali anthu 40 amene anatenga pangongole, 30 analipira, 10 anasowa ngati mame. Anati "amama, ndiye kuti munthu aliyense wonena kuti ndilipira kumapeto a mwezi, mwayi woti alipiradi ndi 3 pa 4, simungadziwe kuti wothawa ndi uti koma mukudziwa kuti pa anayi aliwonse mmodzi athawa." Ndiye K35 ija ukaichulukitsa ndi 3 nkugawa ndi 4 imabwera K26.25, kuchotsapo K23 yopangira patsala K3.25. Botolo la kashi K12, la ngongole K3.25, ndiye ndiyenera kukongoza mabotolo pafupifupi 4 kuti ndipeze phindu la botolo limodzi la kashi, osawerengera talk time yoimbira anthu osayankha foni. Kusukulu kwawo amati probability, ine ndimangoti masamu a mwayi. Chodabwitsa nchakuti amayi ogulitsa pamsika anali olipira bwino kuposa ena ovala tayi amene amalandira pa 30, koma izo tisiye.

Anandiphunzitsanso kuti K1,000 ya lero ndi K1,000 ya mawa sizofanana. Panali shopu ina yaikulu imene inkafuna katundu wambiri koma kulipira pakapita miyezi 2, ine ndinali nditasangalala kale. Iye anati ku village banking kwanu mumakongozana pa 10 peresenti pamwezi, ndiye K826 mutaiika kumeneko lero pakutha miyezi 2 ikhala pafupifupi K1,000, choncho K1,000 yawo yodikirira ija mtengo wake lero ndi K826 basi. Tinabwerera kukakambirana, tinagwirizana masiku 14.

Jenereta nayo sitinangogula chifukwa aneba agula. Inali K14,400, tinawerenga kuti itithandiza kugaya mabotolo 200 owonjezera pamwezi, pochotsa mafuta pa botolo pakutsala K8, ndiye K1,600 pamwezi, idzibweza yokha pa miyezi 9. Ndalama yake inachokera ku chilimba ndi ku gulu, osati kwa bambo uja. Inadzibweza pa miyezi 11 poti mafuta anakwera, komabe inabweza.

Zikomo kwa amuna anga amene anagulitsa njinga yawo yamoto kuti titseke kaloba ija osandinyoza ngakhale tsiku limodzi, kwa mwana wanga mphunzitsi wanga, apongozi anga ku Katete amene amatisankhira nshawa imodziimodzi ndi maso awo okalamba koma chuku sichiwadutsa, amayi a gulu lathu la Lachinayi amene munandidikira mwezi wathunthu osandidula faindi, mnyamata wathu amene anagwira miyezi 2 pa theka la malipiro, abusa ndi amayi a chigwirizano amene munkabwera kudzapemphera nane m'shopu yamdima, madalaivala a mabasi a Lundazi ndi Petauke amene mumatinyamulira makatoni, ndi inu makasitomala amene munapitiriza kufunsa ngakhale shelefu inali mbee. Ngati ndaiwala wina mundikhululukire, mutu ndi umodzi.

Pano tikugaya mabotolo opitirira 700 pamwezi, nshawa zokhazokha ndi kamchere pang'ono, shuga sitithira mafuta sitiwonjezera, chilipo chosalala cha phala la ana ndi chokhakhala cha inu okonda kutafuna, chotendera chibwabwa ndi rape chiliponso m'chidebe cha 1 kg. Botolo ndi K35 yomwe ija, katoni ya 12 tikupatsani pa K390, Airtel Money ndi MoMo timalandira. Mutipeze ku Kapata market kuyambira 7 koloko, ndipo pa mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni mu February tidzakhala ndi tebulo lathu ngati chaka chatha. A ngongole musakwiye, kabuku kaja mwana anapita nako ku Lusaka.