Tchalitchi cha Trinity, Kumene Wall Street Imathera

Mukayima pa Wall Street mu mzinda wa New York n'kuyang'ana kumadzulo, msewu wotchuka ndi ndalamawu umakathera pa khomo la tchalitchi. Ndinafikapo m'mawa kuli chisanu choluma makutu. Ine ndinakulira mu mpingo wa Angilikani, ndipo kumeneko mpingo wathuwu amautcha Episcopal, choncho ndinalowa mu Trinity ngati wofika kwa achibale.

Nyumba imene ilipo leroyi ndi yachitatu pamalopo. Chilolezo choyambitsa mpingowu chinachokera kwa Mfumu William III ya ku England mu 1697. Yoyamba inapsa ndi moto waukulu wa mu 1776, yachiwiri anaigumula mu 1839 chipale chitalemetsa denga mpaka kulifooketsa. Iyi anaikonza mapulani ake ndi Richard Upjohn, ndipo anaipatulira mu 1846. Ndi ya miyala yofiirira, mazenera ake ndi osongoka pamwamba, ndipo chilichonse chimakukokera maso kumwamba. Nsanja yake ndi yotalika mamita 86. Kwa zaka zambiri munalibe nyumba ina yotalika kuposa iyo mu mzinda wonsewo, moti amalinyero ankaiona ali panyanja. Lero yazingidwa ndi nyumba zamagalasi, ikuoneka ngati agogo atakhala pakati pa zidzukulu zimene zawapitirira msinkhu.

M'kati muli zii. Phokoso la msewu wa Broadway limatsalira pa zitseko zamkuwa. Mizati imakwera n'kukagawikana kudenga ngati nthambi, ndipo kuseri kwa guwa kuli zenera lalikulu la magalasi ofiira ndi obiriwira. Ndinakumbuka St Peter's ya pa Likoma, osati chifukwa zikufanana kwenikweni, koma chifukwa mawondo anga anadziwa okha pogwada.

Kunja kuli manda. Alendo ambiri amathamangira pa chiliza choyera cha Alexander Hamilton, nduna yoyamba ya zachuma ya dziko la America, yemwe anamwalira mu 1804 atawomberedwa ndi Aaron Burr, n'kusiyapo tindalama tachitsulo. Ine ndinayenda pang'onopang'ono pakati pa miyala yakale imene mvula yafufuta mayina ake, ndipo mpamene mtima unayamba kundilemera. Akapolo ochokera ku Africa anagwira nawo ntchito yomanga tchalitchi choyamba chija. Koma m'chaka chomwecho cha 1697, panatuluka lamulo lakuti munthu wakuda asayikidwe m'manda a Trinity. Manja ako anyamule miyala ya nyumba ya Mulungu, koma mtembo wako ukagone kuthengo! Mpingowu unalemera kwambiri Mfumukazi Anne itaupatsa malo aakulu mu 1705, ndipo mpaka lero uli m'gulu la eni malo akuluakulu ku Manhattan, chigawo cha mzindawu. Zimenezi ndinali ndikuzidziwa, koma kuyima pa dothi lenilenilo ndi nkhani ina.

Sindinathe kubwerera kumene ndimagona ndisanakaone kumene anthuwo anakagonekedwa. Ndinatsata Broadway chakumpoto, kudutsa St Paul's Chapel ya mu 1766, mpaka pa Duane Street. Kumeneko, pa manda akale a anthu akuda, omanga nyumba ya boma anafukula mafupa mu 1991, ndipo anthu 419 anawayikanso mwaulemu mu 2003. Pali timitumbira 7 tomera udzu. Ndinavula chipewa, ndinanena pemphero la Ambuye m'Chichewa, mphepo ikundiwomba pamutu.