Injini yalira ndi hayidirojeni, zikomo nonse amene munatigwira dzanja

Injini ya petulo imene gulu lathu la ophunzira uinjiniya lakhala likuisintha yalira ndi hayidirojeni yekha, popanda ngakhale dontho la petulo, mpaka tinachita kuizimitsa tokha. Ndikulemba m'malo mwa anzanga onse.

Tiyambe ndi inu bambo oyang'anira workshop. Munakanitsitsa kuti injini isalizidwe tisanapake madzi a sopo polumikizira paipi paliponse, ndipo pakangotuluka thovu munkatiuza kuti timasule, tiyambirenso. Hayidirojeni alibe fungo, lawi lake silioneka bwino masana, amayaka akakhala paliponse pakati pa 4 ndi 75 peresenti mumpweya, ndipo kamoto kofunika kuti ayake sikafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10 a kamene petulo amafuna. Ndinu amene munaumirira kuti sensa yozindikira hayidirojeni wothawa ikhale kudenga, poti mpweyawu ndi wopepuka, ukathawa umakwera. Tonse tili ndi zala zathu zonse chifukwa cha kuuma mtima kwanuko. Zikomo bambo.

Chimene chinatisowetsa tulo ndi backfire. Injini inkati ikangotentha, phuu! moto wabwerera mu manifold, mapaipi olowetsa mpweya mu injini. Mayi amene mumatiphunzitsa za injini, simunatipatse yankho m'manja. Munangofunsa kuti, "Chikuyatsa mpweyawo pulagi isanathethetse moto n'chiyani?" Funso limenelo ndi limene linatifikitsa pa malo otentha kwambiri mu silinda. Tinachotsa mapulagi a platinum, chifukwa chitsulo chimenechi chimathandizira hayidirojeni kuyaka, n'kuika mapulagi "ozizira", amene nsonga yake imataya kutentha msanga. Tinachedwetsa injector, kachipangizo kopopera hayidirojeni, kuti izipopera valavu ya ekizozi itatseka kale, tinawonjezeranso mpweya wamba m'chisakanizo. Kuphulika kuja kunatha. Mphamvu ya injini yatsikako, ndipo mayi munatichenjeza kale: hayidirojeni akalowera ku manifold amatha kudya pafupifupi 30 peresenti ya malo mu silinda, malo amene mukanakhala mpweya wamba.

Ena mwatiyamikira kuti tatulukira chinthu chatsopano. Ayi ndithu. François Isaac de Rivaz anayendetsa injini ndi hayidirojeni mu 1807, BMW inatulutsa galimoto ya Hydrogen 7 mu 2006, ndipo Toyota inalowetsa Corolla yotere mu mpikisano wa maola 24 ku Fuji mu 2021. Chathu n'chakuti tachigwira ndi manja athu, pa injini yakale imene eni ake anali ataitaya.

Injiniyo anatipatsa ndi amakaniko ena amene sanafune kutchulidwa dzina, ndipo ankabwera okha kudzamvetsera kaliridwe kake. Khutu lawo linkagwira vuto kompyuta isanalione. Tikuthokozanso kampani imene inatibwereka masilinda a gasi ndi regulator yochepetsa mphamvu imene gasi amatulukira, komanso makolo ndi abale amene munapirira mafoni osayankhidwa. Mulungu akudalitseni.

Ntchito ikadalipo. Anthu amakonda kunena kuti ku ekizozi kumangotuluka nthunzi ya madzi, koma moto ukatentha kwambiri, nayitirojeni ndi okosijeni wa mumpweya amapanga mpweya wotchedwa NOx, umene ndi woipa m'mapapo. Tikufuna kuyeza kuchuluka kwake, ndipo makina oyezera utsi tilibe. Amene muli nawo ndipo mungatibwereke, chonde tilembereni.