Agalu a Seligman andisintha maganizo

Sabata ino mu kosi yathu ya saikoloje tinali pa makhalidwe omwe angateteze munthu ku depression, matenda ovutika maganizo aja. Poyamba ndimaganiza kuti ndi zija zongouza munthu kuti limba mtima ziyenda, koma nditalowa mkati ndaona kuti nkhani yake ndi yozama heve.

Chomwe chandigwira mtima ndi kafukufuku wa Martin Seligman ndi Steven Maier wa mu 1967 ku University of Pennsylvania. Anatenga agalu nkumawagwiritsa shoko ya magetsi, ena amatha kuizimitsa akakankha kachipangizo ndi mutu, pomwe ena kaya achite chani shokoyo siimaleka. Kenako anawaika m'bokosi momwe kuthawa kunali kosavuta, kungodumpha kampanda kakafupi basi, koma ambiri mwa agalu achiwiri aja anangogona pansi nkumalira osayesa nkomwe. Zinandimvetsa chisoni, zinali zankhanza ndithu. Ofufuzawo anati agaluwa aphunzira kugonja.

Tsono mu 2016 anthu awiri omwewa analembanso kuti tinaiona mozondoka nkhaniyi. Kafukufuku wa Maier pa makoswe anaonetsa kuti kugonja sikuchita kuphunziridwa, ndi momwe ubongo umachitira wokha mavuto akatalika, chomwe chimaphunziridwa ndi kudziwa kuti pali chomwe ndingachitepo. Mbali yakutsogolo kwa ubongo, prefrontal cortex, ikazindikira kuti zochita zako zikusintha zinthu, imatontholetsa kagawo kena kotchedwa dorsal raphe komwe kamapangitsa kuti ungokhala manja lende. Ndinawerenga ndimeyi katatu. Ndiye kuti chiyembekezo chimachita kumangidwa, ndipo munthu amene wafooka sikuti ndi waulesi ayi.

Palinso zomwe Lyn Abramson, Seligman ndi John Teasdale analemba mu 1978, zoti kwa anthu kugonjako kumadaliranso momwe umadzifotokozera vuto likagwa, kodi ukuti ndine ndalakwa ndekha, zikhala chonchi mpaka kale, komanso zakhudza chilichonse pa moyo wanga? Apa ndinakatsegula kope langa la mwezi watha, tsiku lomwe ndinalephera mayeso a statistics, ndinalemba ndi bolopeni yofiira kuti "ndine mbuli, zonse zimandikanika, sindidzasintha." Zitatu zonse zija mu mzere umodzi! Ndinakhala chete kaye. Pansi pake ndalembapo tsopano kuti sindinawerenge chaputala 4 ndipo ndinagona mochedwa masiku atatu, zomwe ndi zoona komanso zotheka kuzikonza.

Za kuyamika tinangodutsapo, Robert Emmons ndi Michael McCullough mu 2003 anauza ophunzira kuti sabata iliyonse azilemba zinthu zisanu zomwe akuthokoza kwa masabata 10, ndipo anapezeka akuona moyo wawo bwino kuposa omwe amalemba zowakwiyitsa. Koma ine chandifika pamtima kwambiri ndi cha wofufuza wina Kristin Neff, kudzichitira chifundo, kuti uzidzilankhula momwe ungalankhulire mnzako wapamtima akagwa, nkumakumbukira kuti kulephera kumagwera aliyense. Mnzanga atalephera sindingamunene kuti mbuli, nanga bwanji ndimadzinena ndekha?

Chimodzi chomwe chikundidetsa nkhawa nchoti ena angatenge zimenezi nkumaloza chala odwala, ati bwanji sukuyamika, bwanji sukuganiza zabwino. Ayi chonde. Makhalidwewa angachepetse chiopsezo koma si mpanda wosabooka, depression imabweranso ndi za kumtundu, matenda ena, maliro, nkhanza, umphawi. Munthu akatha masabata awiri kapena kuposa ali wosweka mtima, zomwe amakonda sizikumukomanso, tulo ndi chilakolako cha chakudya zasokonekera, ameneyo akufunika dokotala kapena mlangizi, osati ulaliki wa kuganiza bwino.

Mayeso obwereza ali patsogolopa, ndiye usiku uno ndikuyamba chaputala 4, mafunso asanu okha kaye.