Mutu 11 watheka, koma agogo akana kuulula

Usiku wathawu cha m'ma 1 koloko ndinatseka kope n'kupumira m'mwamba. Mutu 11 wa buku la nthano lomwe ndikulemba watha, patapita masiku 9 ukundizunguza mutu. Mawu onse afika 38,000 tsopano, ngakhale ndikudziwa kuti 3,000 mwa amenewa ndi mankhusu oti ndidzapete pa drafti yachiwiri.

Kwa amene simunaone mitu yoyambirira: nkhaniyi ikuyenda m'nthawi ziwiri. Yakale ikuyambira mu 1986, chaka chomwe anthu othawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ku Mozambique anasefukira m'dziko muno. Naphiri ndi namwali wa m'mudzi wina kufupi ndi Lizulu ku Ntcheu. Zuze ndi mnyamata wochokera cha ku Ulongué ku Angónia, yemwe Matsanga, zigawenga za Renamo, anamugwira n'kumusenzetsa katundu wawo miyezi ingapo asanathawe. Chilankhulo ndi chimodzi, nsima ndi imodzi, chowalekanitsa ndi msewu wa tala basi. Koma mchimwene wake wa Naphiri anaponda bomba lokwirira tsidya linalo, ndipo m'mudzi mwamveka kuti Zuze anayendapo ndi Matsanga. Amalume akuti mkamwini wopanda ankhoswe, wonunkha utsi wa mfuti, sangaponde pakhomo pawo. Nthawi yachiwiri ndi ya masiku ano: mdzukulu wa Naphiri wangolemba mayeso a Fomu 4, wapita kumudzi kukadikira zotsatira, ndipo mayi ake mpaka lero sadziwa dzina la bambo wowabereka.

Ndiye vuto linali pa kuulula. Pulani yanga inkati m'mutu 11 agogo akhale pamoto ndi mdzukulu n'kumasula zonse. Ndinalemba masamba anayi athunthu, agogo akungoyankhula. Ndinasangalala nawo mpaka Lamlungu, pomwe ndinawerengera achemwali anga mokweza iwo akusenda mbatatesi. Sanadikire kuti ndimalize. Anangoti, "Achimwene, agogo ake a ndani amayankhula choncho? Amenewo ndi aphunzitsi a histori." Zinandiwawa, koma sananame. Agogo angawo ankatchula za ngozi ya ndege ya Samora Machel ku Mbuzini pa 19 Okutobala 1986, ankatchula pangano la mtendere la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992, mpaka anati othawa nkhondo anapitirira 1 miliyoni. Zonsezo n'zoona, koma ndi ine amene ndinazifufuza, osati mayi wa ku Lizulu. Iye zaka amawerenga mwina. Mwana wake anabadwa "chaka chobwera Papa", ndiye kuti 1989. Zuze anasowa "chitatha chilala chija". Apo ndinakonza msanga.

Chomwe chinandidyera sabata yonse n'chakuti ngakhale nditachotsa madeti, kuululako kunali kwabodzabe. Munthu amene wakhala chete zaka zoposa 30, mwana wake womubereka yekha osamuuza kanthu, angayambe bwanji kulakatula chifukwa choti mdzukulu wafunsa mwaulemu? Ndinayesa kuti adwale malungo azibwebweta. Zachinyengo. Ndinayesa kalata yobisika pansi pa sutikesi, kenako khadi la chakudya la othawa nkhondo lopanikizidwa m'buku la nyimbo. Tonse timathawira kumeneko tikasowa pogwira, ndipo wowerenga amaona patali kuti sutikesi ikubwera. Ndinayesanso flashback yaitali, kubwerera ku zakale mkati mwa nkhani, koma nkhaniyi tikuionera m'maso mwa mdzukulu (POV), ndipo iye sangakumbukire zomwe sanaone. Masamba 17 ndinawadula ndi cholembera chofiira.

Pamenepa ndiyamikeko kope. Ndinasiya kulembera pafoni kuchokera pomwe nthano yanga ya mnyamata wakabaza inapita ndi foni yomwe inagwera m'ndowa, mawu 6,000 osawasunga pena. Panopa drafti yoyamba ndimalemba m'makope a hardcover omwe ndimagula kwa bambo wina wa kabenchi mumsika, amene amandisungira a mapepala okhuthala osalowa inki kuseri. Ndimatayipa pa Google Docs pambuyo pake, magetsi akakhalapo. Ubwino wa kope ndi wakuti zomwe wadula umazionabe, ndipo yankho ndinalipeza m'zodulazo.

Pa tsamba lina lomwe ndinakhwatcha panali mzere woti agogo ndi mdzukulu apita ku msika wa Lizulu. Amene munadutsapo pa M1 mukudziwa kuti pamenepo msewu ndiwo malire: uku Malawi, uko Mozambique, anthu amangowoloka ndi madengu a kabichi ndi tomato ngati palibe kanthu. Ndinadzifunsa kuti bwanji agogowa asamawoloke. Mdzukulu akuona kuti mbatatesi zatchipa tsidya linalo, akuwakoka dzanja, iwo aima nji m'mphepete mwa tala. "Tigule konkuno, mwanawe." Palibe chifukwa chomwe akupereka. Pobwerera, mtsikanayo wasenza thumba pamutu, wavutika nalo pa chitunda, khosi likunjenjemera. Agogo akulikankha thumbalo, mbatatesi mbwee m'njira, n'kukalipa ndi mawu omwe mdzukulu sanawamvepo: "Tula! Kuno kulibe gandira!" Kenako akugwada n'kuyamba kutola imodziimodzi, osayang'ana munthu kumaso.

Gandira ndi dzina la ntchito yokakamiza yomwe Renamo inkagwiritsa anthu a m'midzi, kusenza katundu ndi kulima. Mdzukulu salidziwa liwuli. Madzulo akuimbira foni mayi ake ku Lilongwe kuwafunsa tanthauzo lake, ndipo mayiwo akukhala duu mpaka mayunitsi kutha. Mutu ukuthera pamenepo. Masamba awiri ndi theka, m'malo mwa anayi aja, ndipo agogo ayankhula ziganizo zitatu zokha. Achemwali nditawawerengera m'mawawu sanayamikire, sayamikira iwo, koma anafunsa kuti, "Nanga mayi akewo analimva kuti liwulo?" Funso limeneli ndi mutu 12 wonse, ndipo sindinalikonzekere.

Chinanso chikundisowetsa tulo ndi kayankhulidwe ka Zuze. Sindikufuna kumuthira mawu a Chipwitikizi paliponse ngati mchere wa m'ndiwo za pamaliro, komanso akamayankhula ndendende ngati mnyamata wa ku Ntcheu, amalume amuda chifukwa chiyani pongomumva? Sindinasankhenso ngati anabwerera kwawo pamodzi ndi anzake mu 1993 ndi 1994, kapena ngati amalume aja anachitapo kanthu. Mbali ina ya mtima wanga ikufuna akhale ali moyo, akugulitsa mbatatesi tsidya lomwelo la msewu.

Cholinga n'choti drafti yonse ithe mvula isanagwe. Ndikufunanso ndikafike ku Ulongué ndikaone ndi maso anga, ndikapeza ya thiransipoti. Ndayambanso kuganiza zoti nkhaniyi ingakhale sewero la pawailesi la magawo 20, ngakhale mitu 12 mpaka 19 idakali timizere ta pensulo kuchikuto kwa kope.